Khasu Lotsukidwa Pamtsinje

Kho! Kho! Linali khasu likumenya mwala, dzuwa lili paliwombo, kumalo kumene khasu silinkayenera kumveka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndikumanga mtolo wa nkhuni pamwamba pa phiri la Zomba. Anganga, amene anandilera makolo anga atamwalira, anali pafupi, koma makutu awo anali atayamba kugontha.

Phokosolo linkachokera m'kankhalango ka mitengo yachilengedwe kamene kanatsala pakati pa mapaini. Mmenemo muli mitumbira ya anthu akalekale, milu ya dothi ndi miyala yomera ndere, komanso mapale a mbiya zimene ankathirira nsembe popempha mvula. Palibe akudziwa mtundu wawo. Boma linaikapo chikwangwani choletsa kukumba. Ife sitinkasowa chikwangwani. Ngakhale nkhuni youma ya mmenemo sitinkaitola, ndipo malowo tinkaloza ndi mlomo, osati chala.

Sindinapite kukaona. Potsika, ndinaona mlonda wa nkhalango atanjuta pamtsinje, akutsuka khasu, ndi mpini womwe. Sanandione, ndipo ine sindinaganizepo kanthu.

Patapita masiku awiri, mlonda yemweyo anatiimitsa panjira. Anali bambo wanthabwala, ankatcha anganga mkazi wake wamkulu.

"Mayi, lero nthabwala palibe. Mtumbira umodzi aufukula. Ndipo mdzukulu wanuyu anthu anamuona akulondolera mlendo kumeneko."

Zinali zoona. Sabata yathayo bambo wina wa nsapato zoyera, wodzitcha wa kukoleji, anandifunsa njira, ine n'kumuuza.

"Iwe sulankhula, koma maso ngati kadzidzi," anatero mlonda. "Anakulonjeza chiyani?"

"Palibe."

"Mwana uyu amaopa ndi nalimata yemwe," anatero anganga. "Ndiye akumbe manda? Amuna anga, mwakhuta chiyani lero?"

Mlonda sanaseke. "Mpaka wokumbayo apezeke, phiri lino musapondemo."

Nkhunizo n'zimene tinkagulitsa ku Matawale. Popanda izo, pakhomo panalibe chotafuna. Anganga sanandifunse kanthu, koma mawa lake ndinawapeza akupisa m'thumba langa la kusukulu. Atandiona anati akufuna singano. Anansi nawo anayamba kuitana ana awo ndikamadutsa. Ena ankati m'mitumbiramo muli mikanda yamtengo wapatali, ena ankati mafupa ndiwo akufunidwa ndi asing'anga. Masiku atatu ndinazungulira ku Chikanda, pafupi ndi koleji, kuyang'ana mapazi a anthu, kufuna nsapato zoyera zija. Ndinazipeza zambirimbiri.

Sabata yachiwiri kunagwa maliro pafupi nafe. Titaika, ndinatsatira adzukulu, anthu okumba manda aja. Sanapite kunyumba. Anatsikira kumtsinje, n'kuyamba kutsuka makasu awo, ndi mipini yomwe. Kwathu khasu logwira dothi la kumanda sililowa m'nyumba lisanatsukidwe. Khasu la kumunda amangoligogoda pamwala.

Ndinaima pamenepo n'kukumbukira mlonda uja akutsuka khasu. Unali mwezi wachilimwe, ndipo pamwamba pa phiri palibe munda wa munthu. Mlendo wa m'tauni akanangoponya khasu m'galimoto. Wokumbayo anali munthu woopa zimene ifenso timaopa. Analimba mtima kufukula akufa, koma kulowa nalo dothi lawo m'nyumba ya ana ake, ayi.

Sindinawauze anganga. Akanapita kukakuwa kuofesi, ndipo kumeneko akanamvera ndani, wa yunifolomu kapena mwana wamasiye? Ndinakadikira mlonda patsinde pa phiri.

"Ukufunanji kuno, kadzidzi?"

"Ndimati ndipepese, bambo. Sitinamve za maliro."

"Maliro ati?"

"Amene munatsukira khasu pamtsinje tsiku lija."

Anayang'ana kumtunda, n'kuyang'ananso kumunsi kwa njira. Kunalibe munthu, ndipo apo m'pamene ndinachita mantha.

"Wauza ndani?"

"Sindilankhula, munanena nokha."

Sindidziwa ngati mlendo uja ndiye anamutuma, kapena chimene anapeza pansi pa miyalayo. Sanavomere kanthu, ndipo ine sindinafunsenso.

M'mawa mwake mlonda anafika pakhomo, anganga ali kumadzi. Anakana mpando. Anatulutsa m'thumba kapepala kadidindo, kololeza anganga ndi mdzukulu wawo kutola nkhuni m'phiri.

"Ukawauze akazi angawo kuti mlandu watha. Okumbawo anali anthu a kutali."

Anandiika kapepalako m'manja, n'kupinda zala zanga mwamphamvu mpaka kupweteka. Kenako anatembenuka n'kumapita.