Gulo wako watuluka chotupa, Yami

Yami mlongo wanga, gulo wako uja watuluka chotupa pansi pa chibwano. Ndachiona m'mawa pochokera ku shifiti, cholimba ngati nyemba youma. Dokotala wa ziweto kuno ku Hull wangochikhudzakhudza, akuti sakudziwa kuti n'chiyani, tidikire kaye. Ndamukalipira, sindinama. Mawu omwewo ndi amene madokotala ankatiuza za iwe, mpaka tinakukweza ndege uli m'bokosi.

Ukukumbuka tsiku lomwe unabwera naye? Ndinathamangira tsache. "Kwathu gulo timagenda, iwe wachita kugula, n'kumamuyatsira getsi ngati mwanapiye?" Unangoseka, n'kumuika paphewa panga. "Achemwali, ameneyu ndi mnzathu, nayenso kuzizira kwa kuno sanakuzolowere." Pogawana katundu wako abale anatenga majekete ndi nsapato, kufika pa gulo aliyense kuyang'ana kumbali. Ndinamutenga ine wa tsache ndemwe. Pano akukana kudya, ngakhale nkhululu zomwe ankazithamangira zija. Manda ako ali ku Dedza, sindinawaonebe. Chako chopuma chomwe ndatsala nacho ndi iyeyu, ndipo ndikumuona akupita, Yami. Getsi lake lokha sindinazimitse.