Zilembo Ziwiri Kuseri kwa Supuni

Bambo anga atabwera kutchuthi kuchokera ku Halale, komwe ankaperekera zakudya m'hotela, anawabweretsera amayi supuni imodzi yonyezimira ngati mamba a chambo. Kuseri kwa chogwirira chake kunali tizilembo tiwiri, pakati pake kachizindikiro kopiringizika.

"Ichi ndine, ichi ndinu," anatero bambo. "Kapakatika ndi mfundo ya ukwati wathu. Siliva weniweni ameneyu."

Zilembozo zinalidi zoyambira mayina awo, ndipo amayi anakhulupirira ndi mtima wonse. Tchuthi chitatha, bambo anakwera sitima pa Golomoti. Sanabwerenso, ngakhale moni wotumiza pa munthu.

Supuniyo sinkalowa m'kamwa mwa aliyense. Koma Loweruka lililonse amayi ankaikwecha ndi phulusa ndi mchenga, mwamphamvu ngati poto wopserera nyemba. Amayi anzawo ankawaseka kuti akutsukira mtchona, iwo osalabada.

Nditakula ndinkaphunzitsa ku Mua, ndipo tsiku lina la chikondwerero aphunzitsi tinaitanidwa kukadya kunyumba ya ansembe. Nditatembenuza supuni yanga, ndinaona zilembo zomwe zija. Ya mnzanga, zomwezonso. Tebulo lonse linali bambo ndi amayi anga okhaokha! Wansembe wina wokalamba anandifotokozera mosangalala kuti ndi mayina a azungu awiri amene anagwirizana pa bizinesi yokuta masupuni ndi siliva, ndipo kopiringizikako kamangotanthauza kuti uje ndi uje.

"Siliva ali pamwamba pokha, m'kati ndi chitsulo wamba," anatero. "Mukakwecha ndi mchenga amachoka."

Ndinaibweza supuniyo patebulo. Za siliva sizinandikhudze, chinandiswa mtima ndi bodza la mfundo lija. Amayi sindinawauze. Ndikanayambira pati?

Pamene maso awo anayamba kufooka, supuniyo inali itasanduka yachikasu, ndipo mchenga unali utadya chilembo chimodzi, cha bambo chija. Tsiku lina titakhala pakhonde anandipatsira.

"Taona mwanawe, tilipo tonse awiri?"

"Mulipo, amayi."

Anailandanso, nayendetsa chala chachikulu pamalopo nthawi yaitali.

"Usandinamize ngati bambo ako," anatero motsitsa mawu. "Ndatsala ndekha apa. Ndawafufuta ndi manja angawa."

Anaikulunga m'kansalu kake. Loweruka lotsatira sanaitanitse phulusa.