Bwalo Lomwe a Njobvu Ankasungira Olira

Ku George mumzinda wa Lusaka, ukatsika basi n'kulowa m'kati mwa komboni kumene njira zimapanikizika mpaka anthu awiri sangapitirirane osakhudzana mapewa, pali puloti imodzi yomwe aliyense wodutsa amaicheukira. Sikuti nyumba yake ndi yokongola ayi. Ndi kanyumba kakale, malata ake anachita dzimbiri ana ake asanakule. Chimene anthu amacheukira ndi bwalo la kutsogolo kwake, dothi lokhalokha, losesedwa bwino, lopanda kanthu. Masiku ano ku George malo opanda kanthu amadabwitsa kuposa nyumba yosanja.

Mwini wake ndi a Isaiah Njobvu, nkhalamba yayitali ya ku Chadiza, youma mutu mwakuti ngakhale malemu akazi awo a Vera anafika powaleka. Anabwera ku Lusaka ndevu zikungoyamba kumera, nalowa ntchito yosenza matumba m'nyumba zosungira katundu kumafakitale. Nthawi imeneyo kuseri kwa puloti yawo kunali minda ya chimanga ndi udzu wofika m'chiuno, ndipo akamaweruka a Vera ankawaonera patali n'kuteleka madzi osamba. Oyandikana nawo anali owerengeka, ambiri a kum'mawa kwa dzikolo ngati iwo. Mmodzi mwa iwo anali a Chabwera Miti a ku Katete, wamfupi, wolongolola, amene ankasenza nawo matumba. Awiriwa ankakangana popita kuntchito, n'kukangananso pobwera, koma mawa lake wina ankadikira mnzake panjira.

Munthu aliyense ali ndi kake komwe amadziwika nako. Wina ndi kwaya, wina ndi mowa. A Njobvu anali munthu wa maliro. Zovuta zikagwa m'dera lawo, anthu asanaganize n'komwe zochita, iwo anali atapeza kale nkhuni, atabwereka tenti kuntchito, atanyengerera woyendetsa lole. Poti bwalo lawo ndilo linali lalikulu, azibambo ankakhala pamenepo kuzungulira moto, azimayi ali m'nyumba ya ofedwa. Ana obadwira m'tauni, akulu omwalira kutali ndi kwawo, onse analiridwa pabwalo limeneli. A Vera atamwalira anthu anadzaza mpaka kumsewu, ndipo a Njobvu amaikamba nkhaniyi ndi kamonyado kosabisika, ngati munthu amene anakolola zomwe analima.

Kenaka anthu anabwera. Sanabwere tsiku limodzi kuti munthu n'kuwaona, ankangowonjezekera. Ana anakula, nabereka, achibale akumudzi natsatira, alendo ofuna pogona nachuluka. Aliyense wokhala ndi puloti anamanga chipinda cha lendi kuseri, china m'mbali, china kutsogolo, mpaka khomo la wina linayamba kuyang'anizana ndi chimbudzi cha mnzake. Minda ija inasanduka makoma. Mitengo ya mango inagwa umodziumodzi chifukwa pamene pali mtengo pakhoza kukhala bedi. Pampopi mzere wa zigubu unatalika, ndipo mvula ikagwa madzi, posowa kolowera, ankalowa m'nyumba za anthu osagogoda. Anzawo akale aja ena anabwerera kumudzi atapuma ntchito, ena anagulitsa, ambiri anakagona kumanda a ku Chingwere. M'malo mwawo munalowa anthu amene amafika ndi matiresi pamutu mwezi uno, mwezi wamawa n'kusowa usanadziwe dzina lawo.

Tisawayese oyera mtima a Njobvu. Nawonso anamanga tizipinda ta lendi kuseri, ndipo kumapeto kwa mwezi sankachita manyazi kugogoda. Koma kutsogolo, ayi. Anthu anayesa. Wina anafuna kuikapo kantemba kogulitsiramo zinthu, wina malo ometera, mbusa wina wa suti yonyezimira anafuna kukhomapo tchalitchi cha mapepala apulasitiki. Onse anabwerera ndi moni yekha.

Wovuta kumubweza anali mwana wawo Belinda, amene amagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, kumsika wa m'tauni ndipo amakhala ku Matero. Belinda sanali wadyera, ndipo ndicho chinkawapweteka bambo ake, chifukwa wadyera ndi wosavuta kukana. Iye ankaona zoti matenda a shuga akuwadya, mankhwala akufunika mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti khoma la oyandikana nawo linali litadya kale m'mphepete mwa bwalolo. Malo ongokhala, ankatero, amaitana akuba. Anali atapangana kale ndi womanga, mabuloko akungodikira mawu a mwini puloti. Tsiku lina atatopa ndi kuzungulira anawafunsa maso ndi maso chimene akusungira fumbi limeneli.

"Nanga olira anga adzakhala pati?" anatero a Njobvu.

"Ba Tate, imwe muganiza chabe va kufa. Bantu bafuna pogona manje, na imwe mufunika mankhwala manje."

Bambowo anatenga tsache n'kuyamba kusesa pomwe anali atasesa kale. Kumeneko ndiko kunali kuyankha kwawo.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankawamvetsa, a Chabwera aja. Iwo puloti yawo ana anali ataimanga yonse, mwini wake n'kutsala m'kachipinda kamodzi komwe zenera lake linkayang'ana khoma. Masana aliwonse ankabwera ndi ndodo yawo kudzakhala pabwalo la mnzawo, kuti aoneko thambo. Ankawerenga omwe anapita, n'kumatsutsana za chaka chomwe msewu waukulu unathiridwa phula. Pamenepo ndi pomwe anapangana kuti amene atsogole, maliro ake adzakhala pabwalo limeneli, wotsalayo ndiye adzayatse moto. Aliyense ankalimbikira kuti atsogole ndi iyeyo, ati kuti ntchito yofuna nkhuni igwere mnzake.

A Chabwera atayamba kudwalika, mwana wawo Nigel anabwera ndi galimoto, naisiya kutali poti siikanalowa, n'kuwatenga kupita nawo kunyumba yake ku Chalala, kumene nyumba zatsopano zamipanda zikumera ngati bowa. Anati kumeneko chipatala n'chosavuta kufika, ndipo sankanama. Kuyambira pamenepo masana a a Njobvu anatalika. Ankatulutsabe mipando iwiri mwachizolowezi, wina n'kuikapo miyendo kuti anthu asaone kuti ndi wopanda munthu. Anthu odutsa anali ochuluka kuposa kale lonse, phokoso la mawailesi, ana, ogulitsa makala, komabe tsiku linkatha osatchulidwa dzina ndi munthu. A lendi awo omwe ankangowati ba landilodi. Kusungulumwa kwa pakati pa khamu n'koipa, chifukwa ulibe ndi wodandaulira kuti uli wekha.

Uthenga unafika m'mawa wina wa mwezi wa Juni, mphepo ikuuluza mapepala m'njira. Belinda ndiye anaimba foni kuti a Chabwera atisiya. A Njobvu sanafunse zambiri. Analira pang'ono ali chiimire, napukuta maso ndi chipewa, n'kuyamba ntchito yomwe ankaidziwa kuposa munthu aliyense ku George.

Anasesa bwalo. Anatulutsa mipando yonse ya m'nyumba, nabwereka benchi kwa mayi wogulitsa tomato. Anauza a lendi kuti achotse zingwe zoyanikira zovala. Nkhuni ndizo zinawazunza, poti kudera kumene mitengo inatha, chikuni chimasowa ngati ndalama. Anayenda ndi miyendo yawo yotupayo mpaka anapeza mapulanga akale kwa womanga wina, ndi chitsa cha mango chomwe anachigubuduza okha, akupumira panjira. Pofika masana zonse zinali m'malo. Anasamba, navala jekete, n'kukhala kudikira tenti ndi anthu.

Dzuwa linapendeka, osaoneka munthu. Anadzuka kupita kupuloti ya a Chabwera kuti akaone chachedwetsa. Anapeza wailesi ikuimba, wina akukazinga tinsomba ta kapenta, mayi wina akuchapa pakhomo pa kachipinda ka malemuwo. Mayiyo anati anamvadi kuti mdala uja wamwalira, koma maliro ali kwa mwana wake ku Chalala.

A Njobvu anamuimbira Nigel. Mwanayo anayankha mwaulemu wonse, mawu ake ali otopa ndi kulira. Za pangano la nkhalamba ziwirizo sankazidziwa. Atazimva anafotokoza mofatsa kuti ku George magalimoto a olira alibe poima, madzi ndi ovuta, chimbudzi chimodzi sichingakwanire anthu onse a kutchalitchi ndi a kuntchito kwake. Anati atumiza galimoto idzawatenge, akakhale pamalo aulemu. Chowawa n'chakuti zonse zomwe ananenazo zinali zoona. A Njobvu anathokoza, nati adzabwera tsiku loika, pakuti lero ali ndi ntchito.

Anabwerera pabwalo pawo n'kuyatsa moto, monga anapanganirana.

Utsi utakwera, odutsa anayamba kucheuka. Ena ankachepetsa mawu, ena ankafulumira, poganiza kuti mdala wa bwalo uja mutu wayamba kusokonekera. Mayi wina anatuluka kudzaanula zovala zake akung'ung'udza za fungo la utsi. Kale munthu sankadutsa pamoto wa maliro osakhala pansi, ngakhale womwalirayo anali mdani wake. Koma anthu awa sanali oipa, sankadziwa chabe kuti wafa ndani, ndipo ngakhale akanauzidwa, dzinalo silikanawakumbutsa nkhope iliyonse.

Kusanade kwenikweni panaima bambo wina atanyamula zigubu ziwiri. Anali Kunda, wa lendi pa puloti yoyandikana nayo, amene amagwira ntchito kumafakitale komwe kuja. Anayang'ana moto, nayang'ana mipando yopanda anthu, n'kuvula kapusi. Anatula zigubu, nakhala kumapeto kwa benchi.

"Pepani, ba mudala. Ni maliro ya bandani?"

"A Chabwera Miti. Anzanga."

"Benze kunkhala kuti?"

A Njobvu analoza ndi mutu kuseri kwa makoma.

"Baja ba ndodo? Ine nenze kuganiza ati ni ba lendi."

Nkhalambayo inati ayi, puloti yonse ija inali yawo, anaipeza pali udzu. Itamufunsa dzina n'kumva kuti ndi Kunda, inakhala ndi kachiyembekezo, chifukwa ndi dzina la Chibemba, ndipo Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa chimbuya. Pamaliro a wa kum'mawa, Mbemba ndiye amabwera kudzanyoza ofedwa, kuwapaka ufa kumaso, kuwanena kuti ndi odya mbewa, mpaka olira ataseka misozi ili m'masaya. A Njobvu anadikira. Anafika pomuputa okha, kumufunsa ngati kwawo anyani akadalipo kapena anawamaliza kudya. Kunda anangomwetulira mwamanyazi, nati iye anabadwira ku Chawama, kumudzi sanafikeko. Ulemu wakewo unawapweteka kuposa chipongwe chilichonse.

Kunda anakhala nawobe kanthawi, manja atatambasulira kumoto, akumvera nkhani ya momwe a Chabwera anagwera m'ngalande ndi thumba la ufa pamutu. Anaseka pomwe panayenera kuseka. Kenaka anapepesa kuti pampopi atseka posachedwa ndipo kunyumba kulibe ndi dontho lomwe. A Njobvu anaimirira, nawomba m'manja mwaulemu, kumuthokoza ndi mawu onse aja omwe ankathokozera khamu la anthu m'masiku awo. Kunda anasowa poyang'ana, natola zigubu zake.

M'mawa mwake Belinda anabwera kuti apite nawo ku Chalala. Anapeza phulusa, chitsa chikufukabe, mipando ili mozungulira, bambo ake ali mu jekete lomwe lija. Sanafunse kanthu, poti zonse zinkaoneka. Anakhala pafupi nawo.

"Iwe Belinda, undiuze zoona. Maliro anga mudzachitira kuti?"

Mwanayo anayang'ana pansi, nakonza chitenje chomwe chinali bwinobwino.

"Tizaona, Ba Tate. Musakambe vamene ivo."

A Njobvu analera ana, ndipo ankadziwa tanthauzo la "tidzaona". Iwonso anawauzapo ana awo mawu omwewo pa zinthu zomwe sankafuna kuwakaniza poyera. Anayang'ana bwalo lawo kuyambira pakhomo mpaka kunjira, malo omwe anawakanira anthu zaka zonsezi, n'kuona kuti ankasungira anthu omwe anatha kale. Chisoni chomwe chinawagwira sichinali cha a Chabwera okha.

"Uwauze omanga aja abweretse mabuloko."

Belinda anali atalimbana nawo nthawi yaitali kuti amve mawu amenewa, koma atawamva sanakondwe. Anati palibe chofulumirira, akhoza kudikira, mwina chaka chamawa. Misozi inali itayamba kale kutsika.

"Amange," anatero bambo ake. "Angondisiyira pakhomopa pokwana mpando umodzi wa mlendo. Ndaona dzulo, ukwanira."

Anadzuka n'kuyamba kulowetsa mipando m'nyumba umodziumodzi. Belinda atafuna kuwathandiza, anamukaniza.