Dzanja Lamanja la Fainess

Fainess, mwana wanga womaliza, amataipa pa ofesi ina pa Rufunsa. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akulowetsa maina a alimi mu kompyuta, atakhala pa benchi yopanda choyedzamira, tebulo ikumufika pachifuwa. Ana ake awiri amadya za zala zakezo. Inenso.

Loweruka lina anandipatsa madzi ndi dzanja lamanzere. Ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo mwano sindiulekerera.

"Wayamba liti kupatsa atate ako ndi lamanzere?"

Anasamutsira kapu kumanja. Kapuyo inagwa.

"Lachita dzanzi, atate. Mwezi wachinayi uno. Musauze munthu."

Mayi ake, Regina, anayamba chimodzimodzi: supuni kugwa, kenako pakamwa kukhota, kenako maliro.

Lolemba tinakwera minibasi kupita ku chipatala cha Mpanshya. Njira yonse ndinkamuyang'ana pakamwa. Adokotala anati si sitiroko. Mtsempha wapanikizika pamfundo ya dzanja chifukwa chotaipa manja ali m'mwamba. Apumule milungu isanu ndi umodzi, apo ayi zala zidzafota.

"Ndikapumula ndikapeza wina pa benchi yanga," anatero Fainess potuluka. "Atsikana odziwa kompyuta ndi ambiri."

Chondipsetsa mtima n'chakuti chaka chatha kunabwera anthu a ku Lusaka kudzawaphunzitsa kakhalidwe kabwino pa kompyuta. Anasiya mpando umodzi wokwera ndi kutsika, wa wotaipa. Koma mtsikana angakhale bwanji pa mpando woposa wa akuluakulu? Fainess mwini anaukankhira kwa ba Cephas, bwana wake, amene ntchito yawo n'kusaina basi. Iwo anaulandira. Ulemu umenewo ndinamuphunzitsa ndine.

Ndinawalembera makalata awiri m'Chingelezi chosalakwika. Sanayankhe. Ndiye ndinapitako ndi sowo.

"Ba ticha, tebulo iyi ndi katundu ya ofesi!" anatero ba Cephas.

"Bwezani mpando, kapena gwirani mwendo uwu ndidule."

Anagwira mwendo.

Tsopano tebulo yatsika, koma kupumula Fainess wakana. Amamanga nsalu padzanja, n'kuivundikira ndi juzi ngakhale kukutentha. Akabwera madzulo ndimapempha madzi, ludzu ndilibe. Dzulo anandipatsa ndi manja awiri, lamanzere litachirikiza pansi. Ndinalandira msanga, kapu isanayambe kunjenjemera.