Lupu Yopanda Posiyira

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala ku Zolozolo, bambo atangowasamutsa kuntchito kuchokera ku Dowa. Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, nkhungu itameza ngakhale mpanda wa aneba. Bambo anapita m'tauni n'kusiya laputopu ya kuntchito ili chiyakire, lipoti lawo lisanasevedwe. "Usakhudze," anatero.

Ndinakhudza. Ndinali ndi buku la mapulogalamu lopanda chikuto, logula pamsika, ndipo ndinkadziyesa katswiri. Ndinali nditawerenga za lupu, lamulo louza kompyuta kubwereza chinthu chimodzimodzi. Tsamba lotsatira linali long'ambika; mwina wina anakulungira mtedza.

Ndinalemba while True, mawu oyambitsa lupu, pansi pake dzina la Tiwonge, mtsikana wa m'kalasi mwathu yemwe ndinali ndisanamupatsepo ngakhale moni.

Dzinalo linayamba kutsika pagalasi ngati mvula yowaza. Tiwonge, Tiwonge, Tiwonge. Ndinagwira chibwano n'kumangoyang'ana, ndikumuona m'maganizo akutuluka m'nkhungu muja, juzi yake yabuluu itanyowa m'mapewa. Sindikudziwa ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Nditadzidzimuka, ndinapeza kuti kuimitsa sindidziwa. Mausi, kolozera zinthu pagalasi, inali itauma. Kuchotsa batire kukanapha lipoti la bambo. Kuisiya choncho, bambo akanadzawerenga mtima wanga wonse.

Ndinathamangira kwa aneba athu, Anyagondwe, omwe ankagwira ntchito ya makompyuta m'tauni. Anabwera atafunda chitenje, navala magalasi, nawerama.

"Tiwonge ameneyu ngwamwayi chomene," anatero. "Ine palibe anandiitanapo chonchi."

"Amama, chonde, adadi abwera pompano."

Anadina mabatani awiri, Ctrl ndi C. Dzina lija linaima.

"Unaiuza poyambira, sunaiuze posiyira. Kompyuta sitopa, ilibenso manyazi."

Anawonjezera mizere yoti iziwerenga, ikafika pa khumi ikumane ndi liwu lakuti break n'kutuluka. Tiwonge anabwera kakhumi, n'kupita mwaulemu. Atatero anafufuta zonse, naseva lipoti lija, njinga yamoto ya kabaza yobweretsa bambo ikumveka kale pamsewu.

"Yewo, amama," ndinanong'ona powathokoza.

Kwa bambo anangoti amadzaona ngati mwana wamwa tiyi.

Lero ndimalemba mapulogalamu odziphunzitsa ndekha, ndipo ndimalakwitsabe zambiri. Koma ndisanalembe chimene lupu ibwereze, ndimayamba ndadzifunsa kuti chidzaimitse n'chiyani. Funso lomwelo landithandiza pa mikangano, pa madandaulo, ngakhale pa kulota masana kumene sindinasiye.