Kuperekeza Bambo a Luwiza ku Cassacatiza

Tinanyamuka kwathu kufupi ndi Nsadzo kutangocha, Luwiza kumsana kwanga, amuna anga patsogolo akukangana ndi anthu amene ine sindinkawaona. Matenda awo a mutu anali atabweranso.

Atachira ulendo woyamba uja, anandikhazika pamphasa, amalume awo ali pomwepo. Anati, "Zikadzayambanso musadzandimange zingwe, musadzandipititsenso kuchipatala cha ku Tete. Mudzandiperekeze kwa alongo anga ku Cassacatiza, kuli namwino wodziwa mankhwala anga. Ngakhale ndidzanene zina, musadzandimvere." Ndinavomera msanga, poti tsiku limenelo kuvomera sikunali kovuta.

Tinadzera m'tchire kuopa mabomba okwirira. Dzuwa lili paliwombo tinadya chinangwa chootcha, ndipo bambo wina wa njinga ya matayala opakira udzu anatinyamulirako mtolo. Malipiro ake mchere wapachikhatho.

"Mayi, kodi bambowa akulalikira yani?"

"Mitengo," ndinatero.

"Bola mitengo, siyikanena kwa asilikali."

Tinagona m'munda wa anthu othawa nkhondo. M'mawa mwake tinatulukira pamsewu waukulu, ndiye tinapeza koluna itaima, magalimoto aja oyenda pamzere ndi asilikali. Ndisanaphethire, amuna anga anali atagwira chitseko cha kamiyau, lole yaikulu ya pamzerepo.

"Ndikwezeni! Ku Tete akundidikira!"

Msilikali anandiyang'ana. "Amuna anu awa? Akwezenitu akawaone madokotala. Koluna ina sitikudziwa idzadutsa liti."

Mutu wanga unaima. Ndimvere ati, akukuwa apawa kapena a pamphasa aja? Onsewo amuna anga. Nanga ku Tete kukakhala kuti n'kumene akachirire? Nanga akakawamanganso? Luwiza kulira, injini kulira.

"Iyayi, kamarada. Anakana okha ali bwino."

"Okha? Nanga akupemphawa ndi ndani?"

Ndinangosendera kwa amuna anga n'kunena chapansipansi, "Bambo a Luwiza, mtolowu wandithyola khosi, ndilandireniko." Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati mlendo. Kenaka anasiya chitseko n'kusenza.

Tinafika kwa alamu dzuwa litapendeka, ndipo namwino anabwera tsiku lomwelo. Ine ndinangokhala pakhonde.

Chimene ndinaona n'chakuti pangano lotere amapangana awiri, koma pamsewu umalisenza wekha. Atachira ndinawafunsa ngati ndinachita bwino kuwakaniza kamiyau ija.

Anati, "Kamiyau iti?"