Ulusi Wofiira pa Botolo

Mwana wanga ndinamubweretsa ku Joni atakula kale, mano a ubwana atatha kuguluka. Zaka zimene ankaphunzira kuyankhula ndi kuwerenga anali kwa mkulu wanga ku Balaka, ine ndili ku Rustenburg kuchapa maovololo a anthu a mumgodi. Bambo ake anatchona kawiri, koyamba kuchoka kumudzi, kachiwiri kuchoka pakhomo panga kupita ku Kepi, ndipo sanachewukenso. Choncho mtsikanayo atafika ndinadziuza kuti tsopano ndi wanga ndekha, palibe wogawana naye.

Ndinaiwala kuti tinkakhala pa lendi. Ku Tlhabane, komboni ya ku Rustenburg, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana, kunali zipinda zondondozana, mpope umodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. M'chipinda choyandikana ndi changa munkakhala mayi wa ku Mangochi, Msilamu, amene kumudzi anali mphunzitsi wa pulayimale. Kuno ankakazinga samusa n'kukagulitsa pa renki ya matekisi m'mawa, masana n'kukhala pakhomo. Ine masana ndinkakhala pa shifiti. Mwana akaweruka ankakatenga kiyi kwa mayiyo, ndipo poyamba ndinkathokoza Mulungu. Paja amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwambi umenewu umakoma mwanayo akakhala wa mnzako, koma akakhala wako umaluma.

Chaka chimene anali mu giredi seveni, tsiku lina ndikufika kuchokera kuntchito ndinapeza awiriwo atagwada pa beseni la madzi, mitu itagundana.

"Amayi, tabwerani," anandiitana mwanayo. "M'tambulamu muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

Anakankhira kapepala mkati mwa tambula mpaka pansi, n'kuizondotsa, n'kuimiza m'madzi chozondoka choncho. Ataivuula, kapepalako kanali kouma.

"Muli mpweya," anatero, maso akuwala. "Aanti akuti mpweya nawonso ndi chinthu, umatenga malo. Ndiye madzi alephera kulowa."

Ndinayamikira, poti zinalidi zodabwitsa. Koma kuyambira tsiku limenelo mawu akuti "aanti akuti" anasanduka ndiwo ya tsiku ndi tsiku m'nyumba mwanga. Aanti akuti chinthu chilichonse chimalemera ndipo chimatenga malo, kaya ndi mwala, kaya ndi utsi. Aanti akuti mwala sufunsa kuti mwauika pati, umakhala mmene ulili, pamene madzi amatengera chimene mwawathiramo, nthunzi n'kumangomwazika paliponse. Mchere wanga unatha msanga mwezi umenewo chifukwa aanti anali atanena kuti dzira limene lamira m'madzi wamba limayandama m'madzi a mchere wambiri, popeza kapu ya madzi a mchere imalemera kuposa kapu yomweyo ya madzi wamba. Dziralo linayandamadi, ine ndiwo ndinadya zozizira.

Ndinali ndi nsanje, sindikubisa. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ndipo zimene mwana wanga ankazikonda kwambiri pa dziko lapansi ine ndinalibe nazo mawu. Akakhala ndi ine ankangoyankha eya ndi ayi, ngati mlendo waulemu. Ndinayesapo kumupempha kuti andiphunzitse. Anayamba bwinobwino, kenako n'kuthamangira m'Chingerezi, ndipo nditamufunsa kachitatu anapuma mozama.

"Basi Amayi, zisiyeni. Ndikafunsa aanti."

Choipa kwambiri n'choti mayi wa ku Mangochiyo analibe chifukwa choti ndimudere. Ankandipatsa moni atapinda bondo, ankanditumizira samusa zotentha, ankandianulira zovala mvula ikayamba. Ndinkamufunafuna polakwa ngati mmene umafunira nsabwe m'msoko, koma osapeza.

Kenako mwanayo ananena kuti Lachisanu lina aliyense m'kalasi mwawo adzaonetsa kanthu ka sayansi, ndipo aphunzitsi alola wamkulu mmodzi yekha pa mwana aliyense chifukwa chipinda n'chaching'ono. Ananena izi akutsuka mbale, osandiyang'ana, ndipo sanapitirize. Ine ndinakagwirizana ndi mnzanga wa kuntchito kuti tisinthane shifiti, iye andigwirire Lachisanulo ine ndidzamugwirire Lamlungu. Kunyumba sindinanene. Ndinkafuna mwanayo andipemphe yekha, ndi pakamwa pake. Masiku anapita osandipempha, nanenso kunyada kunanditseka pakamwa.

Pa zonse zimene awiriwo ankachita, panali chinthu chimodzi chimene ankadalira ine. Mayi wa ku Mangochiyo analibe filiji, ine ndinali nayo, yakale, yolira ngati thalakitala, koma yanga. Lachinayi madzulo nditatsegula kachitseko kam'mwamba, kumene nyama imauma gwa, ndinapeza botolo lagalasi litaimikidwa pakona. Munali madzi osafika m'khosi, asanagwire n'komwe, ndipo pamene madziwo ankalekezera panamangidwa ulusi wofiira. Chitsekero chinali chitangoikidwa pambali.

Mtima woipa unayamba wandinong'oneza za mankhwala okopera mwana, ndipo ndinadziseka ndekha. Chimene chinapambana ndi chizolowezi. Amene anakhalapo ku Tlhabane akudziwa kuti mpope umauma osatsanzika. Tonse tinaphunzira kudzaza chilichonse chimene chili ndi kamwa, zigubu, mapoto, ngakhale ketulo, ndipo botolo losadzaza m'nyumba ndi chizindikiro cha ulesi. Ndinalitenga, n'kulidzaza mpaka pakamwa, n'kulitseka mwamphamvu, n'kulibwezera. Mwanayo anali pa mpope panja ndipo ndikanatha kumufunsa. Koma mumtima ndinati filiji ndi yanga, nanga ndizipemphanso chilolezo m'nyumba mwanga momwe?

M'mawa mwake ndinasamba msanga n'kuvala diresi langa la kutchalitchi. Ndinaganiza kuti akandiona choncho tsiku la ntchito adziwa yekha. Iye sanandiyang'ane n'komwe, anathamangira ku filiji ali ndi nyuzipepala zokulungira botolo lake. Anatsegula kachitseko kam'mwamba kaja.

Botolo linali litang'ambika kuyambira m'khosi mpaka pansi. Magalasi anali atagwera m'mbali, ndipo pakati panaima ayisi woumbika ngati botolo lomwelo.

"Wadzaza ndani?" anafunsa, mawu ali pansi.

"Ine."

"Ulusiwo simunauone, Amayi? Madzi akaundana amatupa. Amayenera kukwera kupitirira ulusi kuti anthu aone okha kuti atenga malo ambiri. Inu mwadzaza, mwatsekanso, ndiye asowa kopita. Bwanji osafunsa?"

"Nanga iwe bwanji osandiuza? Ndine mlonda wa filiji basi?"

Misozi ili lengelenge anatuluka, ndipo ndinamva akugogoda pa chitseko choyandikana.

Mayi wa ku Mangochiyo analowa ataodira kaye pakhomo monga mwa masiku onse. Nthawi imeneyo amakhala ali kale pa renki ndi chidebe chake cha samusa, koma tsikulo anali atavala mkanjo wake wabwino ndi mpango watsopano kumutu, nsapato zitapukutidwa. Sindinafunike kuuzidwa kuti woitanidwa kusukulu anali ndani.

Anasuzumira m'filiji, n'kuyamba kutola magalasi mosamala ndi kansalu.

"Usalire mwanangu," anauza mtsikanayo. "Izi zaposa zathu zija. Ife timafuna kuonetsa kuti madzi akwera pang'ono, koma apa aswa galasi. Tenga zonse mmene zililimu uike m'beseni. Ukafika ukanene zimene zachitika, kenako ukaike ayisiyu m'madzi aone kuti akuyandama. Madzi omwewo atenga malo ambiri, ndiye pa kukula kwake ayisi ndi wopepuka." Kenako anatembenukira kwa ine. "Achemwali, musadandaule, palibe chaonongeka."

Ndinkalakalaka akanandinyoza. Akanangonena liwu limodzi lopindika, ndikanapeza poyambira, ndipo ukali wonse umene ndinausunga chaka chathunthu ukanatuluka bwinobwino anthu onse a pa lendi akumva. Koma anandikonzera cholakwa changa pamaso pa mwana wanga, mwaulemu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama.

Ndi pamene maso ake anatsika pa diresi langa. Analiyang'ana, n'kuyang'ana nsapato zanga, n'kuyang'ananso mkanjo wake. Tinaima choncho amayi awiri akuluakulu, titatchena m'mawa wa Lachisanu patsogolo pa filiji yotsegula. Iye ndiye anayamba kuyang'ana kumbali. Anakodola mwanayo n'kutuluka naye, ndipo ndinamva manong'onong'o kuseri kwa chitseko.

Patapita kanthawi mtsikanayo anabwera yekha n'kuima pafupi ndi beseni.

"Amayi, mundiperekeze kusukulu."

Awa ndiwo mawu amene ndinawadikira masiku onse aja. Munthu wanzeru akanangonyamula beseni n'kunyamuka, koma ine ndinafunsa.

"Wasankha wekha, kapena akuuza?"

Anayang'ana ayisi amene anali atayamba kudontha. Mwana wanga sadziwa kunama, anatengera kwa mkulu wanga amene anamulera.

"Andiuza," anatero.

Ndinapita. Beseni ndinanyamula ndine, nditaphimba ndi nyuzipepala ndi thaulo. M'kalasimo ndinakhala pa kampando ka ana pakati pa makolo ena, ena ali m'maovololo a kumgodi, mwina ochapa ine ndemwe. Nthawi yake itakwana, mtsikana wanga anaima kutsogolo n'kuyamba kuyankhula Chingerezi chothamanga, mawu osanjenjemera. Ananyamula chibenthu cha galasi, n'kuloza ayisi, kenako n'kuloza ine, ndipo kalasi yonse inaseka. Nanenso ndinaseka osadziwa chimene ndikuseka. Ataika ayisi m'ndowa ya madzi n'kuyandama, ana anadzuka m'mipando kudzaunjirira, aphunzitsi n'kuomba m'manja. Pa zonse zimene ananena ndinatolapo mawu ochepa chabe, koma chifuwa changa chinadzaza, ndipo ndinkafuna kuuza mayi amene ndinakhala naye pafupi kuti ameneyo ndinabereka ndine.

Ndinamudikira pa geti mpaka kuweruka. Pobwerera anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo chifikireni ku Joni, ndipo ankadumphadumpha ngati kamwana. Ndinamufunsa kuti aphunzitsi anati chiyani, iye anangoti, "Akuti zinali bwino." Ndinati palibe kanthu, tikafika kunyumba tikakhala pansi andifotokozera zonse, ndimuphikira tiyi wa mkaka.

Titangolowa pa mpanda anandisiya dzanja. Anadutsa chitseko chathu akuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana, n'kukalowa kwa mayi wa ku Mangochi osaodira n'komwe. Mwini wakeyo ndinamuona pang'ono chitseko chisanatsekeke, atavula kale mkanjo uja, ali m'chitenje chake chakale akusenda anyezi.

Ndinalowa kwanga n'kuika beseni pansi. Ndinakhala pa bedi ndi diresi langa la kutchalitchi, nsapato zili kuphazi. Khoma la pa lendi silisunga chinsinsi, ndiye ndinamva zonse. Mwana wanga ankafotokoza kuyambira pachiyambi, m'Chichewa chomveka bwino, mosathamanga, zimene ananena iye, zimene anafunsa aphunzitsi ndi chimene anthu aja anaseka. Umu ndi mmene ndinadziwira zimene zinachitika m'kalasi mmene ndinali ine.